"Adye keke": mawu amene amayenda opanda mwini wake



Phunziro lathu lero likuchokera pa mawu anayi a Chingerezi amene ambiri a inu munawaonapo pa TikTok, pa Facebook kapena pa status ya mnzanu: Let them eat cake. M'Chichewa tingoti, "Ngati alibe buledi, adye keke." Nthawi zambiri amaika chithunzi cha mayi wa tsitsi loyera lounjikika m'mwamba, pansi pake n'kulembapo dzina loti Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France. Nkhani yake imati atauzidwa kuti amphawi akufa ndi njala chifukwa buledi wasowa, iye anayankha choncho. Mtsogoleri kapena munthu wolemera akangoyankhula mosalabadira mavuto a anthu, mawuwa amadzukanso pa intaneti, nkhope yokha ndi imene imasintha.

Ndasankha mawu amenewa chifukwa muli zinthu ziwiri zosakanikirana. Njala imene akukamba inachitikadi. Koma akatswiri a mbiri yakale amagwirizana kuti palibe umboni woti Marie Antoinette anawayankhula. Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: mkwiyo wathu ukakhala woona, kodi tili ndi chilolezo choufalitsa pogwiritsa ntchito mawu abodza? Tiyeni titsate mapazi a mawuwa, tione kumene anachokera ndi mmene amayendera.

Zimene zinachitika mu May 2024

Pa 6 May 2024 ku New York kunali phwando la Met Gala, limene limachitikira ku Metropolitan Museum of Art. Kumasonkhana anthu otchuka atavala zovala za mtengo wapatali, ndipo chaka chimenecho tikiti ya munthu mmodzi inali madola 75,000. Tsiku lomwelo asilikali a Israel analamula anthu pafupifupi 100,000 kuti achoke kum'mawa kwa mzinda wa Rafah ku Gaza. Nthawi imeneyo ku Rafah kunali anthu oposa 1 miliyoni amene anathawa nkhondo m'madera ena. Kutacha, pa 7 May, asilikaliwo analanda chipata cha Rafah, chimodzi mwa zipata zikuluzikulu zimene chakudya ndi mankhwala zimalowera ku Gaza. Anthu ankati akatsegula foni, kanema woyamba wa madiresi onyezimira, wotsatira wa ana atanyamula mapoto opanda kanthu.

M'kati mwa zimenezi, Haley Kalil, mayi wa ku America amene anali ndi omutsatira pafupifupi 10 miliyoni pa TikTok, anaika kanema wachidule. Anavala chovala cha maluwa chofanana ndi cha mafumu akale a ku France, ndipo ankagwedeza milomo motsatira mawu ojambulidwa kale akuti Let them eat cake. Anthu anapsa mtima kwambiri. Panabadwa kampeni yotchedwa Blockout 2024, yolimbikitsa anthu kubuloka anthu otchuka amene anali chete pa nkhani ya Gaza. Ena ankaitcha digitine, kufanizira ndi guillotine, chimpeni chodulira mitu chimene chinapha Marie Antoinette. Patapita masiku ochepa Kalil anachotsa kanemayo n'kupepesa. Anafotokoza kuti sanali mlendo woitanidwa ku phwandolo, anali pa ntchito yofunsa mafunso anthu otchuka asananyamuke kupita kuphwandoko, ndipo mawuwo anangowatenga chifukwa ndi amene ankamveka paliponse pa TikTok masiku amenewo.

Mkwiyo wa anthu pa nthawi imeneyo ine ndimaumvetsa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu munaumva mumtima. Koma taonani bwino: mayiyo anatola mawu amene sanafufuze kumene achokera, ndipo anthu amene anamukwiyira nawonso ambiri sanafufuze. Mbali zonse ziwiri zinkanyamula katundu wosadziwa mwini wake.

Kumene mawuwa anachokera

Marie Antoinette anabadwira ku Vienna, m'dziko la Austria, m'chaka cha 1755. Anapita ku France mu 1770 ali ndi zaka 14 kukakwatiwa ndi mnyamata amene anadzakhala Mfumu Louis XVI mu 1774. Anaphedwa pa 16 October 1793, pa nthawi ya kuukira kwakukulu kumene kunagwetsa ufumu ku France.

Mawu a kekewa amapezeka koyamba m'buku la Jean-Jacques Rousseau lotchedwa Confessions. Gawo limene muli nkhaniyi analilemba cha m'ma 1765, ndipo linasindikizidwa mu 1782 iye atamwalira kale. Tawerengerani nokha. Mu 1765 Marie Antoinette anali kamtsikana ka zaka 9 kapena 10, ali kwawo ku Vienna, asanapondeko ku France. Komanso Rousseau sanatchule dzina la munthu. Anangonena za mwana wamkazi wina wa banja lachifumu, ndipo anaikamba ngati nthano imene ankaidziwa kale pa zaka za unyamata wake, Marie Antoinette asanabadwe n'komwe. Ngakhale liwu loti keke silinalimo. M'Chifalansa munali brioche, buledi wofewa wothira mazira ndi batala. Keke anabwera pomasulira m'Chingerezi.

Dzina la mfumukaziyo analimata pa mawuwa pambuyo pake. Mu 1843, patatha zaka 50 chimwalirireni, mlembi wina wa ku France, Alphonse Karr, analemba kuti anthu akunamizira mfumukaziyo mawu amene analipo kale. Ndiye kutsutsa kunayamba kalekale, koma mpaka lero mawuwa akuyendabe ndi dzina lomwelo.

Nthano ya mtundu umenewu siinayambire ku France kokha. Mbiri ya ku China imasimba za Mfumu Hui ya ufumu wa Jin, imene inalamulira kuyambira 290 mpaka 307, kuti itamva zoti anthu akufa ndi njala chifukwa mpunga wasowa, inafunsa chifukwa chimene sakudyera phala la nyama. Mwaona eti? Nthano ndi imodzimodzi, dziko ndi zakudya zokha ndi zimene zasintha. Anthu akatopa ndi olamulira okhuta, amakhala ndi chovala chosokasoka kale, chikungodikira woti achivale.

N'chifukwa chiyani chinamukwana Marie Antoinette? Anali mlendo wochokera ku Austria, dziko limene Afalansa ambiri sankalikonda. Ankadziwika ndi moyo wosakaza ndalama, moti anamupatsa dzina lachipongwe loti Madame Déficit, kutanthauza mayi wa ngongole za boma. Timapepala tomunyoza tinkagulitsidwa mobisa m'misewu ya Paris, ndipo timeneti ndi timene tinali ma meme a nthawi imeneyo. Mu 1785 dzina lake linadetsedwa pa mlandu wa mkanda wa diamondi, chonsecho mkandawo sanaugule, ena anangoba pogwiritsa ntchito dzina lake. Njala nayo inalipodi: zokolola za 1788 zinali zoipa, mtengo wa buledi unakwera mpaka kudya gawo lalikulu la malipiro a wantchito, ndipo pa 5 October 1789 amayi masauzande anayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchoka ku Paris kupita ku nyumba yachifumu ku Versailles kukafuna buledi. Timati utsi sufuka popanda moto, ndipo apa moto unalipo ndithu. Koma kukhalapo kwa moto sikutanthauza kuti aliyense amene walozedwa chala ndi amene anagwira machesi pa tsikulo.

Chinthu chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Mawu amene Kalil anagwiritsa ntchito anachokera mu filimu ya 2006 yotchedwa Marie Antoinette, yokonzedwa ndi Sofia Coppola, mmene Kirsten Dunst anasewera ngati mfumukaziyo. Mu filimumo mawuwa akuonetsedwa ngati mphekesera imene anthu akufalitsa, ndipo nthawi yomweyo mfumukaziyo ikukana kuti singayankhule zoterozo. Pa TikTok anadula timasekondi ta mawu okhawo, kukana kuja n'kukutaya. Filimu imene inkanena kuti mawuwa ndi abodza ndi imene inadzakhala gwero lowafalitsa kwa anthu mamiliyoni.

Mmene mawu otere amayendera

Liwu loti meme analiyambitsa ndi katswiri wa sayansi wa ku Britain, Richard Dawkins, m'buku lake la 1976 lotchedwa The Selfish Gene. Ankatanthauza kachidutswa ka maganizo kapena chikhalidwe kamene kamadzichulukitsa podumpha kuchoka m'mutu wa munthu wina kupita kwa wina. Kamene kamapulumuka ndi kamene n'kosavuta kukopera. Kuona kapena kunama kwake sikulowa m'masamu amenewo. Pa nkhani ya kekeyi ndikuonapo zinthu zisanu zimene zimapatsa mawu miyendo.

Choyamba, ndi aafupi. Mawu anayi basi, okwana pa chithunzi chimodzi, osavuta kuloweza. Kufotokoza chifukwa chimene buledi anadulira mu 1789 kumafuna nkhani ya nyengo, misonkho, ngongole za nkhondo ndi malonda a tirigu. Ndani angawerenge zonsezo bandulo ikutha?

Chachiwiri, amanena zimene timaziganiza kale. Munthu akaona mawu ogwirizana ndi mkwiyo wake, mtima umati "ndinadziwa ine!" ndipo chala chimadina kale mutu usanafunse funso. Mawu onyoza munthu amene timamukonda timawafufuza mpaka usiku. Onyoza amene timadana naye timangowalandira ndi manja awiri.

Chachitatu, ali ndi nkhope. Mavuto a chuma alibe nkhope, sungawajambule. Koma ukaika nkhope ya munthu mmodzi, mkwiyo wapeza pofikira. N'chifukwa chake opanga ma meme amakonda chithunzi chimene munthuyo akuseka kapena akuoneka wonyada, ngakhale chinajambulidwa chaka china pa nkhani ina.

Chachinayi, paulendo amataya katundu. Rousseau ananena za mwana wa mfumu wosatchulidwa dzina, ena anaikapo dzina. Panali brioche, panabwera keke. Mu filimu munali kukana, pa TikTok kunadulidwa. Aliyense amene wagwira amachotsa chimene chikulemera, mpaka kutsala mawu okhaokha opanda tsiku, opanda malo, opanda amene anamva. Makolo athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Sikirinishoti ndi kandimverere wa masiku ano.

Chachisanu, makina amene amasankha zoti tione amakonda phokoso. Facebook, TikTok ndi X zimapeza ndalama tikakhalitsa pa foni, ndipo chinthu chimene chakwiyitsa anthu chimabweretsa ma comment ambiri. Ngakhale amene walemba kuti "izi ndi zabodza" wathandiza kuti positiyo ionekere kwa anthu enanso. Mu 2018 akatswiri a ku MIT ku America anatulutsa kafukufuku m'magazini ya Science. Anaunika nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti mwayi woti nkhani yabodza itumizidwenso unali wokwera ndi 70 peresenti kuposa yoona, ndipo nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500. Anapezanso kuti nkhani zabodza za ndale ndi zimene zinkathamanga kwambiri, ndipo ozithamangitsa kwenikweni anali anthu ngati ife, osati maloboti.

Nanga vuto lili pati, poti uthenga wake ndi woona?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri. Wina amati, "Aise, kaya ananena kaya sananene, mfundo ndi yoti olemera salabadira osauka. Ifeyo tikungodzutsa anthu." Ndili ndi mayankho atatu.

Loyamba: kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sanawayankhule ndi kumunamizira, ngakhale munthuyo ali ndi zolakwa zina zambirimbiri. Mu Surat Al-Ma'idah, ndime 8, Allah Subhanahu wa Ta'ala akutichenjeza kuti chidani chathu pa anthu ena chisatichititse kusiya chilungamo. Ndimeyi ikukamba za anthu amene sitikuwakonda, chifukwa pamenepo ndi pamene chilungamo chimavuta. Mfumukazi yosakaza chuma tingaidzudzule pa kusakaza kwake, umboni ulipo wokwanira. Wandale amene walephera tingamudzudzule pa zimene wachita ndi zimene wanenadi pamaso pa anthu. Kumupekera mawu ndi kusenza tchimo lathu lathu pamwamba pa lake.

Lachiwiri: bodza limafooketsa nkhani yoona. Amene akuteteza oponderezedwa chida chake chachikulu ndi kukhulupirika. Mukasheya zinthu khumi za Gaza, zisanu ndi zinayi zoona ndi chimodzi chopeka, wotsutsa adzatola chimodzicho n'kuchikweza m'mwamba kuti anthu akayikire zonse. Mwamupatsa nokha ndodo yokumenyerani, ndipo amene wavulala kwenikweni ndi mwana uja wa poto wopanda kanthu.

Lachitatu: meme imatha kusuntha maso athu. Mu May 2024, kwa masiku angapo, nkhani yaikulu kwa anthu ambiri pa TikTok inali diresi la Kalil, kupepesa kwake, ndi mndandanda wa oyenera kubulokedwa. Kubuloka munthu ndi ufulu wa aliyense, ndipo kampeniyo inachititsa ena kuyankhula. Koma chipata cha Rafah chinali chotsekabe. Mkwiyo ukathera pa nkhope imodzi, timagona tikumva ngati tagwira ntchito, chonsecho wanjala sanalandire kanthu.

Chuma chimene tili nacho kale

Ife Asilamu nkhani yofufuza mawu siyachilendo. Amene munadutsa ku madrassa mukudziwa kuti Hadith ili ndi mbali ziwiri: matn, mawu enieniwo, ndi isnad, mndandanda wa anthu amene anapatsirana mawuwo mpaka kufika kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Ma ulama monga Imam Bukhari, amene anamwalira mu 256 Hijri, ndi Imam Muslim, amene anamwalira mu 261 Hijri, ankayenda maulendo ataliatali kufufuza munthu aliyense wa mu mndandandawo. Kodi ndi wokhulupirika? Kodi amasunga bwino zimene wamva? Kodi anakumanadi ndi amene akuti anamva kwa iye, kapena wina anamwalira mnzakeyo asanabadwe? Mawu okoma chotani, isnad ikaduka, ankawaika pambali.

Tayesani muyeso umenewu pa mawu a keke. Wolemba woyamba sanatchule dzina. Pamene ankalemba, wonamiziridwayo anali mwana ku dziko lina. Palibe mboni imene inati ndinamva ndi makutu anga. Wophunzira wa chaka choyamba cha maphunziro a Hadith akhoza kuwakana mawuwa tiyi asanazizire. Ndiye zingatheke bwanji kuti ife, adzukulu a anthu amene anakhazikitsa luso limeneli, tizisheya chithunzi chilichonse chimene chagwa mu gulu la WhatsApp?

Surat Al-Hujurat, ndime 6, ikutilamula kufufuza nkhani imene yabwera ndi munthu wosadalirika, kuopa kuti tingapweteke anthu mosadziwa kenako n'kudzanong'oneza bondo. Kumayambiriro kwa Sahih Muslim kuli Hadith yotiphunzitsa kuti kungofotokoza chilichonse chimene wamva n'kokwanira kumuika munthu m'gulu la onama. Ndipo mu Surat An-Nur muli nkhani ya bodza limene ananamiziridwa Mayi Aisha (Allah asangalale nawo), limene linazunguza Madina pafupifupi mwezi wathunthu. Oyambitsa anali achiphamaso, koma ena mwa amene analinyamula anali okhulupirira abwinobwino amene anangobwereza zimene anamva. Masiku ano tikanati anangopanga forward.

Tisanadine, tichite izi

Mukaona chithunzi cha wandale, sheikh kapena munthu wotchuka chili ndi mawu pansi pake, funsani kaye isnad yake. Ananena liti, kuti, pamaso pa ndani? Chithunzi chopanda tsiku ndi malo chili ngati Hadith yopanda mndandanda.

Ngati ndi kanema wa masekondi khumi, funani wathunthu. Mverani zimene ananena mphindi imodzi m'mbuyo ndi mphindi imodzi kutsogolo. Kumbukirani filimu ija: kukana kunali pompo, anangokudula.

Koperani mawuwo muwaike pa Google pamodzi ndi dzina la munthuyo. Ngati mtsogoleri wa dziko wanenadi zodabwitsa pagulu, nyumba zoulutsa nkhani zingapo zodziwika zikhala zitalemba. Mabungwe monga Africa Check ndi AFP Fact Check ntchito yawo ndi yomweyi. Chizindikiro cha wailesi kapena nyuzipepala pa chithunzi si umboni, aliyense wa foni akhoza kuchimata. Pitani pa tsamba lenileni la nyumbayo mukaone ngati nkhaniyo ilipo.

Ngati mawuwo anamasuliridwa kuchokera ku Chiarabu, Chifalansa kapena chiyankhulo china, funsani wodziwa chiyankhulocho. Brioche anasanduka keke pa mlatho womwewu.

Dziyeseninso nokha: mawu omwewa akanaikidwa pa nkhope ya munthu amene ndimamukonda, ndikanawakhulupirira msanga chonchi? Mawu akakukomerani kwambiri, pamenepo ndi pofunika kuchepetsa liwiro.

Mukapeza kuti ndi abodza, musawasheye ngakhale ndi cholinga chowatsutsa. Muuzeni amene watumizayo ku inbox mwaulemu, makamaka akakhala wamkulu kwa inu. Ndipo ngati munatumiza kale, bwererani mu gulu lomwelo mukakonze, chifukwa amene anawerenga bodzalo ali momwemo.

Kumbukiraninso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndi mapulogalamu a masiku ano, kupeka sikirinishoti ya WhatsApp kapena kutsanzira mawu a munthu ndi ntchito ya mphindi zochepa. Tsiku lina nkhope ya pa chithunzicho ikhoza kukhala ya sheikh wa pa mzikiti wanu, ya mlongo wanu, kapena yanu. Tsiku limenelo mudzalakalaka anthu atafunsa kaye asanasheye.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: tsegulani foni yanu, sankhani chithunzi chimodzi chokhala ndi mawu a munthu wotchuka chimene munalandira posachedwa, mufufuze isnad yake. Mutiuze mu ma comment kuti mwafika pati, ndipo mndandandawo wadukira pati. Chithunzicho musachiike, mungotifotokozera zimene mwapeza. Insha Allah tidzakambirana mayankho anu Lachisanu likubwerali tikachoka ku Jumu'ah.

Allah atipatse malirime oona ndi zala zoleza, awapatse chakudya ndi chitetezo abale athu a ku Gaza ndi onse amene agona ndi njala usiku uno, ndipo atiteteze kuti tisakhale onyamula bodza pamene tikufuna kuteteza choona. Ameen.

Wassalam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.